Sikirini yakuda imene imayendetsa shopu yanga

Anyamata amene amabwera kudzasindikiza makalata ofunsira ntchito kushopu kwanga kuno ku Mangochi boma amakonda kusuzumira laputopu imene imakhala kuseri kwa kauntala. Ndikaitsekula amangoona zilembo zoyera pa sikirini yakuda, popanda chithunzi, popanda poti udine. Ena amati yafa. Wina anachita kundinong'oneza kuti, "Achimwene, si zobera ndalama za m'mafoni zimenezi?" Ayi ndithu. Imeneyo ndi terminal, malo olemberapo malamulo a Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows, ndipo pulinta, mafayilo a makasitomala ndi netiweki ya shopu yonse zimamvera zimene ndalemba pamenepo.

Laputopuyi ananditumizira ndi achimwene anga a ku Joni. Ndi yakale, RAM yake 4 GB, ndipo Windows inkachita kukwawa. Makompyuta ambiri amene tili nawo kuno ndi a mtundu womwewu, ogwiritsidwa kale ntchito kwina. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, pomwe Windows 11 imafuna kachipangizo ka TPM 2.0 ndi purosesa ya masiku ano, zimene makina athu ambiri alibe. Choncho ndinaikamo Debian, mtundu wina wa Linux. Sindinalipire laisensi, komanso sindinafunefune munthu wa mapulogalamu akuba aja amene amabwera ndi mavairasi ake omwe.

Mbiri ya Linux si yaitali. Linus Torvalds anayamba Linux mu 1991 ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, ndipo zida zambiri zimene timalemba pa terminal, monga ls ndi cp, zinachokera ku ntchito ya GNU imene Richard Stallman analengeza mu 1983. Debian inayamba mu 1993. Ubuntu, mtundu wina wa Linux umene ambiri amayambira, inatuluka mu 2004 ndi ndalama za Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo inamangidwa pa Debian yomweyo. Amene muli ndi foni ya Android, Linux muli nayo kale m'thumba, kungoti simuiona.

Ndaonapo anzanga akulemba malamulo a Linux m'kope mpaka masamba kudzaza, kumaloweza ngati akukonzekera MSCE. Patapita mwezi, zonse zauluka. Ine ndimati pezani kompyuta imene ikafa mudandaula, muipatse ntchito yeniyeni, malamulowo adzabwera okha. Oyambira ndi ochepa: pwd amakuuza foda imene ulimo, ls amaonetsa zimene zili m'menemo, cd amakusamutsa. Lamulo limene ndimalikonda kuposa onse ndi man. Ukalemba man ls, buku lonse lofotokoza ls limatuluka pompo, osadya bandulo, chifukwa lili kale m'kompyutamo. Kwa ife amene timawerengera megabaiti iliyonse, chimenechi si chaching'ono. Batani la Tab limakumalizira dzina la fayilo, kamuvi kolozera m'mwamba kamabweza zimene unalemba kale, ndipo chinthu chikakana kuima umadina Ctrl ndi C.

Koma chenjerani ndi rm. Chimene wafufuta nacho chapita, kulibe bini yoti ukatolemo. Chenjeraninso ndi sudo, amene amakupatsa mphamvu zonse pa makinawo. Mzere umene mwaupeza pa intaneti, woyamba ndi sudo, musaumate pa terminal musanaumvetse mawu ndi mawu. Ndipo terminal imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono: Kalata.pdf ndi kalata.pdf ndi mafayilo awiri.

Ambiri akamva zoti seva amaganiza za chimakina chachikulu m'chipinda chozizira ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Seva ndi kompyuta iliyonse imene ikutumikira zinzake. Ndipo kwa ife, laputopu yakale ndi seva yabwino kuposa desikitopu, chifukwa ili ndi batire lakelake. Magetsi akathima mwadzidzidzi desikitopu imagwa pomwepo, mwina ili mkati molemba fayilo, pomwe laputopu imapitiriza mpaka sola kapena jenereta italowa.

Vuto la laputopu ndi limodzi: ukaitseka, imagona. Mankhwala ake ali mu fayilo ya /etc/systemd/logind.conf. Umaitsekula ndi nano, pulogalamu yosinthira mawu mu fayilo, kufuna mzere wa HandleLidSwitch, kuchotsa kachizindikiro ka # koyambirira, n'kulemba ignore kumanja kwa =, m'malo mwa mawu amene alipowo. Ukaiyatsanso laputopuyo, ngakhale uitseke imagwirabe ntchito. Zambiri mu Linux zili choncho, timafayilo ta mawu wamba mu foda ya /etc, toti munthu ukhoza kuwerenga ndi kusintha. Mu October, dzuwa la kuno likafika poti ngakhale a kabaza amabisala pansi pa mitengo, ndimalemba sensors kuti ndione kutentha kwa purosesa. Ndinaikweza pa timatabwa tiwiri kuti mpweya uzidutsa pansi, ndipo fumbi ndimalipemerera kunja kawirikawiri.

Pulinta imayenda ndi pulogalamu ya CUPS, imene umaipeza pa burawuza pa port 631 (port ndi ngati nambala ya khomo lolowera ku pulogalamu). Kompyuta ina ya m'shopu, imene ikadali pa Windows chifukwa makasitomala amabwera ndi mafayilo a Word opangidwa mwa njira zawozawo, imaona mafoda a seva, laputopu ija, kudzera mu pulogalamu ya Samba. Madzulo alionse rsync amakopera ntchito za tsikulo ku hadi disiki yapadera, ndipo amangotenga zimene zasintha basi. Sindichita kukumbukira. Mu crontab, fayilo ya ntchito zodzichitikira zokha pa nthawi yake, ndinalemba mzere umodzi woyamba ndi 0 17 * * *, kutanthauza 5 koloko madzulo tsiku lililonse. Aphunzitsi ena anabwera fulashi yawo itafa, mayeso a kalasi yonse ali momwemo. Popeza tinasindikiza limodzi sabata yapitayo, ndinangoti, "Khalani pansi aphunzitsi, ndiwapeza." Lamulo la find linawatulutsa asanamalize n'komwe kupukuta thukuta.

Kumene ndapindula kwambiri ndi ku netiweki. Kuno chilichonse chikavuta timangoti "netiweki yavuta", n'kuyamba kukweza foni m'mwamba. Komatu mawu amenewa amabisa matenda osiyanasiyana, ndipo terminal imakuthandiza kuwalekanitsa, monga mmene msodzi wa ku Malombe amayendera ukonde wake chigawo ndi chigawo kufuna pamene pang'ambika.

Ndimayamba ndi ip a. Ndikufuna kuona ngati kompyuta yalandira adiresi kuchokera ku rauta. Kwanga imakhala yoyamba ndi 192.168.8, ndipo rautayo ndi 192.168.8.1. Maadiresi oyamba ndi 192.168 ndi a m'nyumba, sayenda pa intaneti, n'chifukwa chake shopu yanga ndi ya mnzanga ku Monkey Bay zikhoza kukhala ndi nambala yofanana popanda mkangano. Adiresi ikasowa, kapena pa Windows ukaona yoyamba ndi 169.254, ndiye kuti rauta sinagawe adiresi. Ntchito yogawayo amaitcha DHCP. Pamenepo osavutika n'kuimbira kampani ya foni, yang'ana waya, pasiwedi ya wifi kapena rautayo.

Adiresi ikakhalapo ndimalemba ping 192.168.8.1. Ping amatumiza kauthenga kakang'ono n'kudikira yankho, ndipo amakuuza mamilisekondi amene kathera pa njira. Rauta ikayankha, m'shopu muli bwino. Kenako ping 8.8.8.8, imene ndi seva ya Google. Apa pakakhala zii, vuto lili kunja: mwina bandulo yatha, mwina nsanja ya foni ili ndi zake. Koma nthawi zina 8.8.8.8 imayankha bwinobwino, pomwe ping wikipedia.org akukana. Zikatero intaneti ilipo, chafa ndi DNS, ntchito imene imasandutsa dzina la webusaiti kukhala nambala yoti makina aimve. Kungosintha seva ya DNS, zonse zimabwerera. Munthu wosadziwa zimenezi amagula bandulo ina pamwamba pa imene ilipo kale, ndipo ndawaonapo ambiri akutero.

Pa nkhani ya bandulo yomweyi, vnstat imandionetsa deta imene yadyedwa pa tsiku ndi pa mwezi, moti sinditsutsananso ndi mnyamata wondithandiza kuti ndani waimaliza. Ndinaikanso apt-cacher-ng, imene imamvetsera pa port 3142. Kompyuta imodzi ikakoka pulogalamu pa intaneti, seva imasunga, ndipo yachiwiri ikafuna yomweyo imatenga m'shopu momwemo kwaulere. Anthu akabweretsa malaputopu kuti ndiwaikire Debian, bandulo yanga silira ngati kale.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi Kiwix. Ndi pulogalamu yowerengera Wikipedia popanda intaneti, kuchokera mu fayilo imodzi ya .zim. Yachingerezi yonse yokhala ndi zithunzi ndi yaikulu zedi, choncho ndinatenga yopanda zithunzi, mnzanga wina atandikokera kumene kuli intaneti yosawerengera. Ndikayatsa kiwix-serve, mwana wa sukulu aliyense amene walumikiza foni yake ku wifi ya shopu amalemba adiresi ya seva pa burawuza n'kuyamba kuwerenga za Biology kapena Geography, ngakhale alibe yuniti ndi imodzi yomwe. Ena amakhala pakhonde mpaka nditatseka. Sagula kanthu, koma makolo awo ndi amene amabwera kudzasindikiza.

Sindinganame kuti zonse n'zokoma. Chingerezi chimafunika, chifukwa makina akakana amakana m'Chingerezi. Komabe mawu ake ndi omwewomwewo. "Permission denied" ndiye kuti ulibe chilolezo pa fayiloyo, yang'ana ndi ls -l kuti mwini wake ndani. "Command not found" ndiye kuti walakwitsa kalembedwe kapena pulogalamuyo sinaikidwe. Chinthu chikakana kuyamba, systemctl status ndi journalctl amakuonetsa chimene chinachitika ndi nthawi yake. Ophunzira ambiri amathawa uthenga wofiira osauwerenga, chonsecho yankho limakhala momwemo. Vuto lina ndi mapulinta: ena amagwira pompo, ena alibe madiraiva a Linux, choncho funsani musanagule.

Seva yanga sindiigwiranso kawirikawiri. Ndimalowamo ndi ssh, njira yolowera mu kompyuta uli patali, pa port 22, kuchokera pa foni yanga kudzera mu Termux, terminal ya pa foni, nditakhala panja ndikudya chipisi. Ndinatseka zolowa ndi pasiwedi, ndimagwiritsa ntchito kiyi imene ndinapanga ndi ssh-keygen. Zimenezi zimatheka ndikakhala pa wifi ya shopu. Ndikapita kumudzi ku Namwera sizitheka mwachindunji, chifukwa pa intaneti ya m'mafoni anthu ambirimbiri timagawana adiresi imodzi yakunja, ndiye palibe khomo loti ugogode kuchokera kutali. Njira yake ndi kubwereka kaseva kakang'ono pa intaneti n'kulumikiza mbali zonse ziwiri ndi pulogalamu ya WireGuard. Ndikuwerengabe za zimenezi, ndipo ndalama yolipira mwezi ndi mwezi m'madola ndi imene ikundichedwetsa.

Amene mukufuna kulawa, simukuyenera kufufuta Windows yanu. Fulashi ya 8 GB ndi yokwanira kuikapo Debian kapena Linux Mint yoti iyake kuchokera pa fulashipo, osakhudza hadi disiki. Loweruka masana shopu imakhala yopanda anthu ambiri, bwerani ndi fulashi yanu ndi chaja, koma muyambe mwachotsamo zithunzi za ukwati chifukwa poikapo Linux zonse za pa fulashiyo zimafufutika.