Kutenga mwana mwalamulo: akhale kuno kapena apite kunja?

Banja likabwera kudzafunsa za kutenga mwana, funso langa loyamba limakhala lakuti: mukufuna kumulera, kapena mukufuna akhale wanu m'mabuku a boma? Kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo ziwirizi timazisakaniza. Mayi akamwalira, mwinimbumba amangonena pamaliro pomwepo kuti uyu akakhala kwa amayi ake aang'ono ku Chitakale, uyu kwa agogo ake ku Limbuli, basi nkhani yatha, ndipo ana ambiri akula bwino chotero. Zakukhoti ndi zina. Woweruza akasaina chigamulo, makolo obereka amataya ufulu ndi udindo wonse pa mwanayo, ndipo satha kudzamuitanitsa akakula kapena zinthu zikadzawayendera bwino.

Nanga n'kuvutikiranji ndi khoti? Chifukwa chachikulu ndi chuma cha masiye. Lamulo la 2011 loona za chuma cha anthu omwalira limawerenga mwana wotengedwa kudzera kukhoti mofanana ndi wobereka. Mwana amene munangomulera, ngakhale kwa zaka 15, inu mukadzamwalira osasiya wilo ayenera kutsimikizira achibale anu kuti ankadalira inu. Pasipoti nayonso imavuta ngati mapepala a mwana akutchula makolo ena.

Pakati pa ziwirizi pali njira ina imene anthu ambiri saidziwa. Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana limalola ofesi ya Social Welfare kuika mwana m'banja lina kuti aleredwe osadula ubale wake ndi kwawo. Ngati mayi ali m'ndende kapena akudwala koma angadzachire, apa ndi pamene ndimalozera anthu.

Amene atsimikiza zopita kukhoti ndimawawerengera lamulo lotengera ana, lomwe ndi lakalekale, la mu 1949. Wopempha akhale ndi zaka 25 kapena kuposerapo, ndipo apose mwanayo ndi zaka 21, ngakhale khoti litha kufewetsa za kuposana ndi zaka 21 kwa wachibale wapafupi. Anthu awiri angatengere limodzi mwana pokhapokha ali mwamuna ndi mkazi wake, ndipo ngati akupempha ndi m'modzi, mnzake wapabanjayo avomere. Bambo amene ali yekha saloledwa kutenga mwana wamkazi popanda zifukwa zapadera zokhutiritsa woweruza. Wopemphayo ndi mwanayo akhale anthu okhala m'Malawi. Mawu omalizawa asungeni, tibwereranso.

Khomo loyamba ndi ofesi ya Social Welfare paboma, osati kumalo osungirako ana amasiye. Anthu amalakwitsa pomwepa: amakazolowerana ndi khanda kumalo osungira ana, n'kulipatsa dzina, kenako n'kumva kuti lili ndi agogo ake omwe sanalolepo kuti lipite kwa wina. Popita ku ofesiko nyamulani chiphaso chanu chaunzika, setifiketi ya ukwati, umboni wa mmene mumapezera ndalama, kalata ya dokotala ndi ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu. Za mwanayo zimafunika setifiketi ya kubadwa ya ku NRB, buku lake la kusikelo, setifiketi ya imfa ya kholo ngati linamwalira, ndi kalata ya amfumu a kwawo. Muone bwinobwino kalembedwe ka maina. Buku la kusikelo likanena dzina lina, kalata ya amfumu n'kunena lina, mudzabwerera kumudzi kukakonzetsa ndi chikalata cholumbirira, sabata zikungopita. Kenako wa Social Welfare amabwera kunyumba kudzaona pogona mwana, kucheza ndi ana anu ndi oyandikana nawo, n'kulemba lipoti.

Pamene nkhani zambiri zimafera ndi pa chilolezo. Lamulo limafuna kuti avomere kholo lililonse lamoyo, womuyang'anira mwanayo, amene akukhala naye, ndi aliyense amene ali ndi udindo womusamalira. Kwathu kuno kwa chikamwini timaona ngati bambo alibe mawu: anachoka pamudzi mkazi atamwalira, mwina ali ku Joni, mwina akuthyola tiyi kuesiteti ina ndipo anakwatiranso. Khoti siliona choncho. Dzina lake likadziwika, afunidwe ndipo asaine. Woweruza atha kupitirira popanda chilolezo chake ngati anamutaya mwanayo, ngati sakupezeka, kapena ngati wakhala akukana kumusamalira, koma zimenezi muzionetse ndi umboni wa mmene munamufunira. Kungonena kuti anatithawa sikukwana.

Mbali inayo, mwinimbumba satchulidwa ndi dzina m'lamulo, koma kumulambalala n'kudziputira mavuto. Ine ndimalangiza kuti pakhale msonkhano wa mbumba yonse pamaso pa amfumu ndi wa Social Welfare, ndipo afotokozeredwe m'Chichewa kapena m'Chilhomwe, osabisa kanthu, kuti mwanayu sadzabwerera ngati wawo pamaso pa lamulo. Agogo ambiri amadinda chala poganiza kuti mdzukulu akupita kukaphunzira ndipo adzabwera kudzawamangira nyumba. Woweruza amafunsa zimenezi mwachindunji, ndipo akaona kuti wodindayo sanamvetse, pempho limaima. Mwana wosinkhukirapo amafunsidwanso maganizo ake. Ngati ndi khanda lotayidwa, pakhale lipoti la apolisi ndi la chipatala, ndi umboni wakuti achibale anafunidwa koma sanapezeke.

Ndalama ayi. Lamulo limaletsa kupereka kapena kulandira malipiro chifukwa cha mwana pokhapokha khoti litaloleza. Ngakhale thumba la chimanga loti "tithokoze agogo" likhoza kudzatanthauziridwa kuti munagula chilolezo, ndipo kuyambira 2015 tili ndi lamulo lolimbana ndi kuzembetsa anthu lomwe zilango zake n'zowawa. Zolipira zovomerezeka ndi za khoti ndi za loya, mutenge lisiti. Amene sangakwanitse loya afunse ku Legal Aid Bureau.

Kukhoti zimayenda motere. Loya amapereka pempho ndi zikalata zolumbirira, ndipo kwa ife khoti lalikulu lapafupi ndi la ku Blantyre. Khoti limasankha munthu woimira zofuna za mwanayo, amene amamutcha guardian ad litem, kawirikawiri wa Social Welfare. Iyeyo si mboni yanu, ndipo lipoti lake likhoza kukutsutsani. Woweruza atha kupereka chigamulo chomaliza, kapena choyembekezera chomwe sichipitirira zaka ziwiri, mwana ali m'manja mwanu koma mukuyenderedwa. Chomaliza chikatuluka musachisunge m'sutikesi n'kuiwala: chipititseni kuti mwanayo alembedwe m'kaundula wa ana otengedwa mwalamulo, mukonzetsenso mapepala ake a kubadwa.

Tsopano za kunja. Zonse ndafotokozazi zimakhalapobe, n'kuonjezerapo malamulo a dziko linalo. Mawu aja akuti "wokhala m'Malawi" ndi omwe anavuta pa nkhani ya Madonna, woimba wa ku America, mu 2009, pamene ankafuna kutenga mtsikana wa kumalo osungirako ana amasiye a Kondanani ku Bvumbwe, konkuno ku Thyolo. Mu Epulo khoti lalikulu linakana, ponena kuti iye sakhala m'dziko muno. Mu Juni khoti la apilo linagamula mosiyana, litaunika ubale wake ndi Malawi kudzera m'ntchito zachifundo komanso ubwino wa mwanayo. Chigamulocho chinatsegula khomo, koma sichinafufute mawuwo m'lamulo, choncho aliyense wochokera kunja ayenera kukhutiritsa woweruza payekha. Ndipo pangano la maiko a mu Africa la ufulu wa ana, lomwe Malawi analivomereza, limati kutumiza mwana kunja kukhale njira yomaliza, banja lomulera kwawo likasowa.

Chimene anthu sayembekezera n'chakuti mchemwali wanu weniweni wokhala ku London kapena ku Johannesburg nayenso ali m'gulu lomweli. Kukhala Mmalawi sikumuchotsera funso lakuti akukhala kuti, ndipo mwana akuwolokabe malire. Malawi sali m'pangano la ku Hague la 1993 loyendetsa kutengera ana kunja, pamene Britain, America ndi South Africa alimo. Chotsatira chake n'chakuti chigamulo cha khoti la ku Blantyre sichikakamiza dziko linalo kupereka viza. Pa chifukwa chimenechi ndimati wofunayo ayambire kumene akukhalako: afunse akuluakulu oona za ana ndi zolowa m'dzikolo ngati angamulole kubweretsa mwana wa ku Malawi, amuyendere kunyumba kwake, amupatse chilolezo cholembedwa, ndiye abwere kuno. Akayambira kuno, zikhoza kuchitika kuti mwana wadulidwa kwa makolo ake mwalamulo, pasipoti yatuluka ku Immigration, koma viza yakanidwa. Mwanayo amatsala kwa agogo omwe aja, amene tsopano pa pepala alibe naye ulamuliro. America, mwachitsanzo, ili ndi tanthauzo lakelake la mwana wamasiye, ndipo mwana amene ali ndi makolo onse awiri amoyo, ongosauka, kawirikawiri sakwanira m'tanthauzolo.

Za ana a tsidya la Muloza ndingonena mwachidule. Mwana wobadwira ku Milange, ngakhale ali wa mlongo wanu ndipo amalankhula ngati ife, ndi nzika ya Mozambique ngati makolo ake ndi a kumeneko ndipo mapepala ake ndi a kumeneko. Musamulembetse mwachinyengo ngati wobadwira kuno. Muuzeni wa Social Welfare zoona zake kuyambira tsiku loyamba.

Pondifunsa kuti tisankhe iti, ndimayang'ana msinkhu wa mwana ndi amene watsala kwawo. Mwana wa zaka 8 amene amadziwa manda a mayi ake, ali ndi abale ake pamudzi ndi munda wa mbumba womudikira, kunja kumamulanda zambiri kuposa zomwe wopemphayo amaganiza, ndipo akachoka palibe wa Social Welfare wa kuno amene angakagogode pakhomo kukamuona. Ngati vuto ndi fizi ndi chakudya, wachibale wakunjayo atumize thandizo mwana ali konkuno. Zimenezo sizifuna woweruza. Kunja ndimakuganizira pa khanda limene achibale ake afunidwa osapezeka ndipo palibe banja la kuno lomwe lalifuna, kapena pa mwana wodwala matenda ofuna chithandizo chimene kuchipatala chachikulu cha Queens ku Blantyre sangathe kupereka. Ngakhale pamenepo, pemphani kuti m'chigamulo mulembedwe zakuti malipoti a mmene mwanayo akukulira azitumizidwa ku Social Welfare, ndipo kope la mapepala ake onse, ndi dzina la mudzi ndi la mfumu yake, apite nalo.