Dzimbiri limene lidabisala pansi pa labala wa galasi la kombi yanga

Mwala umene udaswa galasi lakutsogolo la kombi yanga sudali waukulu kuposa njere ya mtedza. Udali mwezi wa July, tikuchokera ku Nkhotakota kubwerera kwathu ku Salima pa msewu wa M5, ndipo titangopitirira pa Benga tidadutsana ndi lole imene matayala ake a mbali imodzi ankayenda kunja kwa phula, kumene kuli timiyala tambirimbiri. Tidangomva kuti thwa, ndipo nditayang'ana ndidaona kachipsera kooneka ngati nyenyezi m'munsi mwa galasi, mbali imene amakhala mayi a kunyumba. Popeza kadali kutali ndi maso anga ndidakasiya, ndipo kumeneko kudali kulakwa kwanga. Kachipsera kotere kakadali kakang'ono ngati ndalama yachitsulo, fumbi lisanalowemo, amisiri a magalasi amatha kukathira utomoni woonekera umene umauma n'kugwira galasi kuti lisapitirire kung'aluka. Ndikadamatapo selotepi tsiku lomwelo n'kupita nayo galimoto ku Lilongwe sabata yomweyo, mwina galasilo likadalipo mpaka lero.

Mu October, dzuwa la kuno kunyanja litafika pachimake, mwana wanga adati atsuke galimoto masana ndipo adakhuthulira ndowa ya madzi ozizira a pamjigo pagalasi limene lidali litatentha kuyambira m'mawa. Galasi lotentha likazizira mwadzidzidzi limakhwinyata mosafanana, ndipo pamene pali kale chilonda ndi pamene pamagonja. Mng'alu udachoka pa kachipsera kaja n'kuyenda mopingasa mpaka pamaso pa woyendetsa. Sindidamukalipire mwanayo chifukwa chilondacho ndidachilekerera ndine kwa miyezi itatu.

Kombi imeneyi ndi Volkswagen T3 ya mu 1989. Mtundu umenewu udayamba kupangidwa ku Germany mu 1979, ndipo ku South Africa, mu fakitale ya ku Uitenhage, adapitiriza kuupanga mpaka mu 2002, n'chifukwa chake zipangizo zake zambiri timazipeza kumeneko. Amene adali nayo kale adachotsa mipando yakumbuyo n'kuikamo bedi, kabati ndi chitofu cha gasi, choncho tikapita ku Chia kapena ku Senga Bay timagona momwemo. Injini yake ili kumbuyo, woyendetsa amakhala pamwamba pa matayala akutsogolo, ndipo pakati pa nkhope yake ndi msewu palibe boneti, pali galasi lalikulu ndi kachitsulo kochepa basi. Galasi la galimoto yotere si chinthu choti munthu n'kuchiona mopepuka.

Galimoto za masiku ano galasi lakutsogolo amachita kulimata ku bodi ndi guluu wolimba wa polyurethane, ndipo galasilo limathandizira kulimbitsa denga. Kombi zakalezi n'zosiyana. Galasi lake limagwidwa ndi labala wokhuthala wozungulira, amene ali ndi ngalande ziwiri: ina imaluma m'mphepete mwa galasi, ina imaluma mlomo wachitsulo wa windo. Palibe guluu, palibe bawuti. Labala yemweyo ndiye wogwira galasi, ndiye wotsekereza madzi, ndiyenso wolandira kugwedezeka konse kwa m'maenje kuti kusafike pagalasi. Ine ndinkaganiza kuti vuto langa ndi galasi lokha, ndipo za labala sindinkaziwerengera n'komwe, ngakhale kuti dzinja lililonse pansi pa dashibodi pankanyowa ndipo kapeti ankanunkha chinyontho mpaka mwezi wa May.

Galasi latsopano ndidaliitanitsa kudzera ku sitolo ina ya magalasi ku Lilongwe, ndipo lidatenga masabata angapo kuti lifike. Mtengo wake udandipweteka, monga momwe chilichonse chochokera kunja chakhala chikupwetekera chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndisanalipire ndidawerenga zolembedwa pakona, ndipo ndikulangiza aliyense kuti azitero. Galasi loyenera kutsogolo ndi limene palembedwa kuti Laminated, kutanthauza magalasi awiri ophatikizidwa ndi pulasitiki wopyapyala pakati, kawirikawiri wokhuthala mamilimita 0.76. Likagundidwa limang'aluka koma zidutswa zimakhalabe zomatirira ku pulasitikiyo. Limene palembedwa kuti Toughened kapena Tempered limaphwanyika lonse nthawi imodzi n'kusanduka timiyala ngati mchere wa mibulu, ndipo malo ake ndi m'mawindo a m'mbali ndi kumbuyo. Pobwera nalo ku Salima pa msewu wa M14, ulendo wa makilomita pafupifupi 100 wotsika zitunda, tidaliimika chilili pakati pa matiresi awiri, chifukwa galasi lokhota likagonekedwa chafufumimba n'kumadumpha m'mabampu limatha kung'aluka lisanafike n'komwe.

Mnyamata wina amene ndidayamba kukambirana naye za ntchitoyi adandiuza kuti labala wakale angathe kubwezeretsedwa, ndipo pamene pakudontha adzapakapo silikoni. Mawu akewo adali okoma m'makutu chifukwa ndalama zidali zitatha kale. Koma alamu anga adanditengera kwa bambo wina wachikulire, mmisiri wowongola mabodi a galimoto amene ali ndi galaja pafupi ndi Kamuzu Road, ndipo iwo sadayankhe msanga. Adatenga chala chawo n'kukanda labala uja pakona yam'munsi, ndipo chala chidada bii ngati agwira makala. Kenaka adapinda mlomo wa labalayo pang'ono n'kundionetsa timing'alu tosawerengeka ngati nthaka ya kudambo mu October.

"Achimwene, labala uyu adafa kalekale," adatero bambowo. "Galasi latsopano mukaliika pamenepa mwangotaya ndalama zanu. Koma chimene chikundiopsa ine ndi chimene chili pansi pake."

Labala amakalamba ndi dzuwa komanso kutentha, ndipo zonsezi kuno n'zosasowa. Amauma, amafupika, ndipo pofupikapo amayamba kuchoka m'makona, makamaka am'munsi, amenenso ndi malo amene madzi onse otsika pagalasi amasonkhana. Madzi akalowa pamenepo satuluka msanga chifukwa mphepo siwafikira. Amakhala pakati pa labala ndi chitsulo masabata ambiri, pamodzi ndi fumbi limene mwera umabweretsa m'miyezi yozizira, ndipo matope amenewo ndiwo chakudya cha dzimbiri.

Pochotsa galasi lakale bambowo sadalimbane ndi kulikankha. Adadula mlomo wakunja wa labala ndi mpeni wakuthwa kuzungulira konse, galasi n'kutuluka lokha mofatsa. Zimene tidaona pansi pake zidandifooketsa nkhongono. Kumtunda ndi m'mbali chitsulo chidali bwino, penti wa ku fakitale akadali wowala. Koma m'makona awiri am'munsi mlomo wachitsulo udali utatupa n'kumafumbutuka ngati chikhungwa cha mtengo wouma, ndipo kumanzere kudali bowo loti chala changa chaching'ono chinkalowa. Madzi onse amene ankanyowetsa mawaya a pansi pa dashibodi ankadzera pamenepo. Kunja, galimoto ili chiimire, sipankaoneka kanthu kupatula timatuza tiwiri ta penti m'mphepete mwa labala, timene ndidakhala ndikutiona zaka zingapo osatifunsa.

Pamalo amene dzimbiri lidadya kwambiri tidapezapo silikoni wakale, amene wina adapaka zaka zapitazo pofuna kuletsa kudontha. Silikoni wamba wa m'mabafa, uja amanunkha ngati viniga akamauma, amatulutsa asidi amene amadya chitsulo chopanda penti. Kuwonjezera apo, sagwirana bwino ndi labala wakale, choncho amasiya timipata tolowera madzi koma n'kutseka njira yoti madziwo atulukire. Choipa china n'chakuti penti sagwira pamene padakhudzapo silikoni, moti bambowo adataya theka la tsiku akupala ndi kutsuka kuti achotse zotsalira zake zonse. Ndimamvetsa chifukwa chake anthu amathamangira silikoni, pakuti ndi wotsika mtengo ndipo amapezeka mu hadiweya iliyonse, koma nditaona bowo lija sindingalolenso kuti ayandikire windo la galimoto yanga.

Ntchito ya chitsulo idatenga masiku anayi. Adadula mbali zonse zowola mpaka kufika pa chitsulo chamoyo, adapinda tizidutswa ta chitsulo chatsopano motsanzira mlomo wakale, n'kuwotcherera pang'onopang'ono, kadontho apa kadontho apo, kuti kutentha kusapotokole windo. Tisanayambe tidachotsa batire ndi kuphimba dashibodi ndi zofunda zonyowa, ndipo botolo la gasi wophikira tidalitulutsa n'kukaliika kutali. Chimene ndidachiyamikira mwa bambowo n'chakuti ankayesa galasi lakale lija pawindo nthawi ndi nthawi kuti aone ngati mpata ukufanana kuzungulira konse. Mlomo ukakwera pang'ono pamalo amodzi, galasi latsopano limapanikizika pamenepo ndipo tsiku lina lidzang'aluka lokha popanda mwala. Atatha kusalaza adapaka pulaimala woletsa dzimbiri, kenaka penti, ndipo adakana kuikapo labala mpaka pentiyo atauma masiku awiri athunthu, ngakhale ine ndidali ndi changu poona mitambo ya chizimalupsa ikusonkhana kutsidya kwa nyanja.

Labala watsopano adachokera ku Johannesburg, ndipo adanditumizira ndi mphwanga amene amagwira ntchito kumeneko, kudzera pa basi. Pali labala wina wogulitsidwa pa mita amene amati amakwana galimoto iliyonse, koma ameneyo amafuna kulumikiza, ndipo m'makona amakwinyika chifukwa sadaumbidwe mokhota. Wopangidwira T3 amabwera wathunthu ngati mkombero, makona ake oumbidwa kale. Pogula muyeneranso kunena ngati mukufuna wokhala ndi ngalande ya kamzere konyezimira kokongoletsa kapena wopanda, pakuti ilipo mitundu yonse iwiri. Ine ndidasankha wopanda, poganiza kuti ngalande iliyonse yowonjezera ndi malo enanso osungira fumbi.

Tsiku loika galasi tidayamba ndi kuyanika labala padzuwa kwa kanthawi kuti afewe. Kenaka tidagoneka galasi pa matiresi n'kuliveka labalayo kuzungulira, ntchito imene imapweteka zala kuposa mmene imaonekera. Bambowo adatenga chingwe cha nayiloni chokhuthala ngati pensulo yopyapyala, chonga chimene asodzi a ku Senga Bay amamangira maukonde, n'kuchilowetsa mu ngalande imene imaluma chitsulo, kuzungulira konse, nsonga zake ziwiri n'kupingasana pakati m'munsi. Adapaka madzi a sopo pa labala ndi pa mlomo wa windo kuti paterere. Girisi kapena oyilo wa injini adati ayi, chifukwa mafuta otere amafufumitsa labala wa mtundu umenewu n'kumuwononga.

Ine ndi alamu tidanyamula galasi n'kulikhazika pawindo kuchokera kunja, nsonga za chingwe zikulendewera mkati pa dashibodi. Bambowo adakhala mkati. Iwo akamakoka chingwe pang'onopang'ono, chingwecho chinkatukula mlomo wa labala n'kuwukwezera pamwamba pa mlomo wachitsulo, ndipo ife kunja tinkatsatira pamene chingwe chafika, tikukanikiza ndi zikhatho zotambasula. Ankakoka pang'ono kumanja, pang'ono kumanzere, kuti galasi lisasendere mbali imodzi. Pamakona ankazunguza dzanja mozungulira ngati akupukusa, kuopa kuti chingwe chingang'ambe labala. Kangapo konse adatichenjeza kuti, "Alamu, chikhatho chonse, osati chibakera," chifukwa galasi la magawo awiri silipirira kukanikizidwa pamalo amodzi, makamaka m'mphepete. Pamene chingwe chidatuluka komaliza pakati pamwamba, galasi lidakhala pamalo pake ndi kaphokoso kofewa, ndipo tonse atatu tidapuma. Kukokako sikudapitirire mphindi 20, pambuyo pa masiku asanu ndi limodzi okonzekera.

Tidayesa ndi ndowa zitatu za madzi, wina akuthira kuchokera padenga, ine ndili mkati ndi tochi pansi pa dashibodi. Pakona yakumanzere, pamene padawotcheredwa, padatuluka kadontho kamodzi. Bambowo adatukula mlomo wakunja wa labala ndi kapulasitiki kosongoka, osati sikuludiraiva, n'kuthiramo phala lakuda la butyl limene siliuma gwa ndipo silidya chitsulo. Titathiranso madzi sipadatulukenso kanthu. Ndidagulanso malabala atsopano a mawaipa, popeza akale adali ataumanso ndipo akadakanda galasi, ndipo zimapepala za inshulansi ndi COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) tidazimatula mosamala pagalasi lakale n'kuziika pa latsopano tisanatuluke pa geti la galaja.

Mvula yeniyeni idayamba kumayambiriro kwa December, ndipo usiku wina idagwa yamphamvu tili ku Chia, titagona m'kombi momwemo. M'mawa ndidapisa dzanja pansi pa dashibodi ndipo padali pouma, kapeti nayenso adali wouma koyamba chigulireni galimotoyi. Koma pafupi ndi bedi, pansi pa windo lam'mbali lakumanja, nsalu ya katani idali yonyowa m'munsi. Nditakanda labala wa windo limenelo chala changa chidada ngati cha bambo aja, ndipo pakona pake pali kale kathuza kamodzi ka penti. Ndamutumizira uthenga mphwanga ku Johannesburg kuti afunse mtengo wa malabala a mawindo onse otsala, ndipo bambo aja andiuza kuti ndipite nayo galimoto mu May, mvula ikadzatha.