Zikomo nonse, sukulu ya nyama ija yatha

Dzulo dzina langa linaitanidwa mu Great Hall ku Zomba, ndipo digiri ya sayansi ya zamoyo, yomwe ine ndinatsamira kwambiri ku nyama zakutchire, ili m'manja. Mauthenga achuluka moti sindingathe kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndithokozere pompano.

Ndiyambe ndi amayi. Amene mumakudziwa kwathu ku Balaka, kufupi ndi paki ya Liwonde, mukudziwa kuti kumeneko njovu sitiionera pa chithunzi. Ndili mwana, chimanga chikayamba kukhwima tinkagona kumunda, kusonkha moto ndi kuimba zitini usiku wonse. Chaka china zinalowabe, n'kutisiyira mapesi okhaokha. Amayi omwe analira m'munda m'mawa umenewo ndi omwenso akhala akugulitsa tomato ndi kukongola ku banki mkhonde kuti ine ndikaphunzire za njovu zomwezo. Anzawo ankawaseka kuti, "Mwana wanu uja akuphunzira udokotala wa anyani?" Iwo ankangoti, "Msiyeni." Amayi, Mulungu akusungeni.

Malume, chaka chachitatu fizi itandikanika ndinali nditalongedza kale chikwama. Munagulitsa njinga yanu ya kabaza osandiuza, ndinachita kumva kwa azakhali patapita miyezi. Njinga imeneyo ndidzabweza, ndipo ndalemba pagulu dala kuti musadzakane.

Ambiri mumandifunsa chomwe chinandikopa. Bungwe la African Parks litayamba kuyendetsa paki ya Liwonde limodzi ndi boma mu 2015, kunabwera ntchito yosamutsa njovu pafupifupi 500 kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota, mu 2016 ndi 2017. Ine ndinali ku sekondale. Nditamva kuti njovu amaigonetsa ndi mankhwala kuchokera pa helikopita, kuimanga miyendo n'kuinyamula chadodolido kuika m'galimoto, ndinafuna kudziwa kuti anthu amenewo anaphunzira kuti. Zipembere 17 zitafika kuchokera ku South Africa mu 2019, mtima unali utapita kale.

Aphunzitsi anga onse, zikomo, makamaka mayi amene anandiyang'anira pa kafukufuku. Anandibwezera chaputala chimodzi kanayi, chofiira ndi bolopeni. Nthawi imeneyo ndinkadandaula, lero ndikuona chomwe ankafuna.

Koma pali bambo wina, mlonda wa m'paki, amene sanapiteko ku yunivesite. Kafukufuku wanga anali wa ndowe za njovu (sekani, anzanga anaseka kale mokwanira). Tinkayenda m'nkhalango ya mitsanya, ine ndi tepi yoyezera, chifukwa kukula kwa ndowe kumasonyeza msinkhu wa njovu. Iwo ankangoponda ndi nsapato, kuyang'ana chinyezi, n'kunena kuti yadutsa usiku kapena dzana. Anandiphunzitsanso kuona msampha wa waya pamalo pomwe ine ndinkangoona udzu. Tsiku lina tinaswa ndowe ina ndi kamtengo, poti njovu sigaya bwino chakudya ndipo zambiri zimatuluka zathunthu. Mkati munali njere za chimanga. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwanawe, iyi yadya kumudzi." Ndinakhala chete nthawi yaitali, ndikuganiza za mwini munda umenewo. Kuyambira tsiku limenelo sindilemba za njovu popanda kulemba za alimi okhala m'mbali mwa mpanda. Bambo, ndikudziwa kuti Facebook mulibe, koma mwana wanu akuwerengerani.

Anzanga a m'kalasi, amene tinkagawana soya pisi ndi bandulo ya intaneti mayeso akayandikira, komanso amene munandibwereka laputopu yanga itafa sabata yopereka pepala, sindinaiwale.

Ntchito sindinaipeze, makalata ndiyamba kuponya sabata yamawa. Loweruka ndikubwera kumudzi ndi gauni, poti agogo akana zoona pa foni, akuti akufuna aigwire ndi manja.