Miyala yomata pakhoma imafuna kukonzekera

Abale, miyala youmbidwa ndi simenti yomwe timamata pakhoma ija ndimaikonda, koma ntchito yeniyeni ili kuseri kwake. Khoma likhale lopanda penti ndi fumbi. Likakhala lamatabwa, yambani ndi pepala lotchinga madzi, kenako waya wa neti, ndiyeno pulasitala woyamba. Mumukande mizere yopingasa, aume maola 24 mpaka 48.

M'nyumba sizivuta kwenikweni. Panja ndiye pamandidetsa nkhawa: ambiri amafikitsa miyala mpaka padothi, chinyontho n'kumakwera, miyala n'kuyamba kumatuka. Chonde siyani mpata wa masentimita 10.

Yambirani m'makona, ndipo sakanizani miyala ya m'makatoni osiyanasiyana kuti mtundu umodzi usaunjikane. Simenti ikadonthera pamwala musaipukute ikadali yonyowa, imasiya banga. Iume kaye pang'ono, muichotse ndi burashi youma.