Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Zimene Zinali m'Kope Lofiira

Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo lapitalo. Ambiri mwapempha kuti ndisadumphe zaka zija ndinkaphunzitsa akuluakulu Chingerezi madzulo, ndipo mukufuna kudziwa zimene zinali m'kope lofiira lija, la zimene ndinkaphunzitsa. Za ukwati wa achemwali zidikire kaye, sizithawa. Zaka zimenezo nzambiri, koma vuto linali limodzi chaka ndi chaka: munthu ankabwera akudziwa mneni mmodzi, *arrive*, nkumamusenzetsa katundu yense.

*Arrive* amatsagana ndi *in* mukamatchula mzinda kapena dziko, ndi *at* mukamatchula malo ngati siteshoni, ofesi kapena chipatala: *arrive in London*, *arrive at the station*. *Arrive to the station* nkulakwitsa, ndipo kumachokera kwa *go to* amene lilime linamuzolowera kale. *Reach* safuna mperekezi, koma saima yekha, amafuna dzina la malo pompo: *we reached the border*. Uthenga wa pafoni wakuti *I have reached*, osatchula kumene mwafika, munthu wa ku Britain amauwerenga nkumadikira kuti mumalize. Lembani *I've arrived* kapena *I'm here*. Pocheza, amene amamveka kwambiri ndi *get to*: *I got to work late*. Koma *home*, *here* ndi *there* amakana mperekezi, choncho timati *get home*, *arrive home*, *get there*. Sitima kapena ndege ikamafika mudzamva *it gets in at six*.

Pali kamsampha kena. Mukamachoka pang'ono kuti mubwereranso, musanene *I'm coming*. Mwini chinenero akamva zimenezo amayembekezera kuti mukuyandikira kumene iye ali, ndiye amadabwa kuona msana wanu ukutuluka pakhomo. Nenani *I'll be right back*.

Tsopano *turn up* ndi *show up*. Awa ndi kutulukira, ndipo amanena zambiri za mtima wa amene ankadikira kuposa za ulendo. *He turned up at midnight* akutiuza kuti munthuyo sankayembekezeka, kapena anachedwa mpaka anthu kutaya mtima. *She didn't show up* muli kudandaula: analonjeza, mpando unamusungidwira, sanaoneke. Ndiye musalembere abwana anu kuti *thank you for turning up*. Zimamveka ngati mukuwazazira mwaulemu. Apo pafunika *thank you for coming*. Chinthu chotayika nachonso chimachita *turn up* chikapezeka chokha: *the keys will turn up*. Koma mukaika dzina kapena mlowam'malo pakati, tanthauzo lasintha. *Turn it up* ndi kukweza wailesi, *show him up* ndi kumuchititsa manyazi pagulu.

Apa ndiyankhe bambo aja amene analemba kuti aneni a mawu awiri ngati *turn up* ndi *show up* ndi Chingerezi cha m'misewu. Bambo, mawu anuwo ndi omwewo amene ankanena akulu a sukulu aja a m'gawo 7, amene ankadula *turn up* ndi cholembera chofiira m'mapepala a ophunzira anga. Sindinagonje nthawi imeneyo, sindigonjanso lero. M'kalata ya ntchito, inde, lembani *arrive* ndi *attend*. Koma wophunzira amene sadziwa *turn up* samva theka la zimene anzake akunena pa tebulo, ndipo ine ndinkaphunzitsa anthu oti akamve, osati okhoza mayeso okha.

*Make it* ndi amene ndimalemba dzanja likulemera. Amene munawerenga za matenda a amalume mukudziwa chifukwa chake, ndipo sindibwerezanso nkhaniyo. Ndingofotokoza mmene mawuwa amagwirira ntchito, kuti wina asadzakhale pa siteshoni kudikira basi yachiwiri ngati msuweni wanga, amene sanamvetse tanthauzo lake. *Make it* ndi kufika movutikira, nthawi itatsala pang'ono kutha. *We made it* amanena anthu amene alowa m'sitima chitseko chikutsekedwa. *I can't make it on Friday* ndi njira yaulemu yokanira kuitanidwa. Mpaka apa palibe choopsa. Koma mawu omwewo amatanthauzanso kupulumuka. Akachokera kwa dokotala kapena namwino, *he didn't make it* sakunena za ulendo. Akunena kuti munthu wamwalira. Samatchula imfa, amaizungulira, ndipo wosazolowera amangomva kuti wodwalayo sanafike kwinakwake, nkufunsa kuti ndiye afika liti. Woyankhayo amakhala chete, poganiza kuti chisoni chakusokonezani mutu. Zizindikiro zake ndi izi: patsogolo pamabwera *I'm sorry*, pambuyo sipatchulidwa malo kapena nthawi. Pakakhala *to the meeting* kapena *in time*, ndi za kufika. Pakapanda kanthu, ndipo nkhani ndi ya wodwala kapena ngozi, khalani pansi kaye musanafunse china.

Inu mayi amene munalemba kuti zinakuchitikiraninso, pepani kwambiri. Uthenga wanu ndinauwerenga.

Za kuonekera nzachidule. *Appear* ndi wa m'mabuku ndi m'khoti, ndipo nthawi zina amatanthauza kuoneka ngati: *he appears tired*. Nkhani kapena vuto limachita *come up*, ndipo *something has come up* ndi chifukwa chimene munthu amapereka akafuna kusintha pangano popanda kufotokoza. Simufunsa kuti chiyani. *Crop up* amakonda mavuto ang'onoang'ono obwera mwadzidzidzi. *Come up with* ndi wina, kutulukira nzeru kapena yankho.

Kupita patsogolo ndiye kumene ophunzira ankasochera kwambiri, chifukwa aneni ake ndi a ulendo pomwe palibe amene akuyenda. *How are you getting on?* ndi funso la anthu a ku Britain lofuna kudziwa mmene zinthu zikuyendera, pa ntchito yatsopano kapena pa maphunziro. Yankho si dzina la basi. Ndi *fine, thanks* kapena *not too badly*. Onjezani *with* ndi munthu, zakhala za kugwirizana: *I get on with my boss*, pomwe a ku America amakonda *get along with*. Onjezani *with it*, lakhala lamulo la munthu wotopa nanu: *get on with it*, fulumirani. Ntchito imene ikukula pang'onopang'ono timati *it's coming along*, ndipo munthu amene sanamalize koma akuona kothera amati *I'm getting there*. Wotsalira m'mbuyo wachita *fall behind*, akathamanga nkuwapeza anzake wachita *catch up*, akamayenda nawo limodzi osatsala ndi *keep up*. Potchula, liwu limakwera pa kachiwiriko, *up* kapena *on*, osati pa mneni.

Mng'ono wanga amene unafunsa za *gotten*: ndi wa ku America, ku Britain amati *got*. Sankha mbali imodzi m'kalata imodzi, usasakanize.