Nyimbo zosungidwa pamtima

Usiku wathawu mnzanga wachihindu anandiyatsira pa foni yake mawu a ansembe a ku India akulakatula nyimbo yoyamba ya mu Rigveda, buku lakale la nyimbo zopatulika za Ahindu, nyimbo yotamanda Agni, mulungu wa moto, ndipo mpaka pano mawuwo akumvekabe m'makutu mwanga ngakhale kuti chilankhulo cha Sanskrit sindichimva.

Chimene chandigwira mtima n'chakuti nyimbo 1,028 za mu Rigveda, zomwe zinapekedwa m'dera la Punjab (lomwe lero lili mbali ina ku India, mbali ina ku Pakistan) zaka zoposa 3,000 zapitazo, zinasungidwa pamtima kwa mibadwo yambirimbiri zisanalembedwe. Mwana ankakhala pansi pamaso pa mphunzitsi wake n'kumabwereza liwu lililonse, kulikweza kapena kulitsitsa monga momwe walimvera, mpaka kumalakatula mawu ena chobwerera m'mbuyo kuti pasatayike kanthu. Anthu amenewa ndikuwapatsa ulemu waukulu, makamaka ndikakumbukira kuti nyimbo zimene agogo anga ankaimba popempha mvula zinapita nawo kumanda.