Mpanda wa pakati pa America ndi Canada wafika pakhonde pathu ku Chinamwali

Mchimwene wanga, womaliza kubadwa m'banja mwathu, amakhala ku Windsor m'chigawo cha Ontario ku Canada. Amagwira ntchito pa fakitale ina yopanga zipangizo za magalimoto, ndipo ndi iyeyo amene amatumiza ndalama ya mankhwala a shuga ndi BP a amayi mwezi ndi mwezi. Choncho musadabwe kuti mphunzitsi wa pulayimale wa ku Chinamwali akulemba za Donald Trump.

Kumayambiriro kwa April 2025 anaimba pa WhatsApp cha m'ma 5 koloko m'mawa, ine ndikukoleza mbaula kuti nditenthetse madzi a amayi. Kwawo kunali 11 koloko usiku. "Achemwali," anatero, "atiuza kuti tiyambe takhala kunyumba. Amayi musawauze kaye." Ndinangoima chogwira chokupizira, makala mpaka kuzima.

Windsor ndi Detroit ndi mizinda yoyang'anizana, pakati pali mtsinje basi. Iye amati akaima m'mbali mwa madzi amaona nyumba zitalizitali za ku America ngati mmene ife timaonera phiri la Zomba tili pamsika. Anamwino ambiri amagona ku Windsor, ntchito n'kumakagwira ku zipatala za ku Detroit. Chitsulo chimodzi cha galimoto chimatha kuwoloka mlatho wa Ambassador kangapo, uku achiumbe, uko achiboole, chibwererenso, galimotoyo isanathe. Ndiye pa 4 March boma la Trump litaika msonkho wa 25 peresenti pa katundu wambiri wochokera ku Canada, pa 12 March pa zitsulo ndi aluminiyamu, kenako pa 3 April pa magalimoto, mafakitale a tsidya lino ndi tsidya ilo anagwedezeka onse. Chifukwa chimene ankanena poyamba chinali mankhwala ozunguza bongo a fentanyl, chonsecho amene amagwidwa ku malire a Canada ndi ochepa zedi poyerekeza ndi a ku malire a Mexico. Komanso pangano la malonda la mayiko atatuwa limene linayamba kugwira ntchito mu July 2020 anasainira ndi Trump yemweyo.

Koma pocheza ndi mchimwene wangayo miyezi yonseyi, ndaona kuti chimene chinawabaya anthu a ku Canada pamtima si msonkho. Za malonda anthu amakangana, mawa n'kugwirizananso mtengo. Chinawapweteka ndi pakamwa. Trump ankangobwereza kuti Canada ingokhala chigawo cha 51 cha America, ndipo nduna yaikulu ya nthawiyo, Justin Trudeau, ankaitchula kuti bwanamkubwa, ngati kuti dzikolo ndi lake kale. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Anthu ofatsa aja anayamba kukuwiza nyimbo ya fuko la America pa masewero a hockey. Ku Ontario anachotsa mowa wa ku America m'mashelefu. Mlamu wanga, amene kale Loweruka ankawoloka kukagula zinthu ku Detroit, tsopano amatembenuza botolo la tomato sosi m'sitolo kuti aone kumene lapangidwa, likakhala la tsidya lija amalibwezera.

Ine ndimawamvetsa. Ndikamapita ku tauni kulowera njira ya ku Blantyre ndimadutsa pa chipilala cha asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda), pafupi ndi Cobbe Barracks. Pamenepo timakumbukira anthu athu amene anakafera nkhondo zimene sanaziyambitse, chifukwa choti wamkulu anaitana. Canada nayo inataya asilikali 158 ku Afghanistan, nkhondo imene inayamba America itaukiridwa pa 11 September 2001. Tsiku lomwelo, America itatseka mlengalenga mwake, kamzinda ka Gander ku Canada kanalandira ndege 38, anthu oposa 6,000, n'kuwagoneka m'masukulu ndi m'matchalitchi, kuwaphikira masiku angapo. Munthu amene unam'gonekera alendo ake, amene ana ako anafera pa nkhondo yake, lero akuuze kuti nyumba yakoyo ikhale chipinda chake chakuseri? Zimawawa.

Pa 28 April 2025 anthu a ku Canada anavotera chipani cha Mark Carney, amene analowa m'malo mwa Trudeau ngati nduna yaikulu, chipani chimene miyezi yochepa m'mbuyomo aliyense ankati chagwa kale. Pa 6 May Carney anakhala mu White House n'kumuuza Trump pamaso kuti Canada si yogulitsa. Ndinaonera kachidutswa kake pafoni nthawi yopuma kusukulu, ndipo ndinamva kukoma. Komabe mawu okoma sasintha mfundo yoti pafupifupi magawo atatu mwa anayi a katundu amene Canada imagulitsa kunja amapita ku America. Ukakhala ndi wogula mmodzi, ngakhale akutukwane, m'mawa umam'pititsirabe dengu.

Ifenso tinalawako. Mu April 2011 malemu Bingu wa Mutharika anathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, Britain nayo n'kubweza wathu, kenako n'kuimitsa thandizo la bajeti. Amene tinalipo tikukumbukira mizere ya mafuta ndi zigubu, ndi anthu amene anafa pa 20 July. Kusiyana kwake n'koti Canada ndi dziko lolemera, lili ndi mafuta, tirigu ndi migodi. Ngati iwo akusowa tulo chifukwa cha mnzawo wamkulu, nanga ife amene ngakhale ma ARV timadalira thumba la ena?

Mchimwene wanga anabwerera kuntchito patapita milungu ingapo, koma maola anawadula, ndipo ovataimu imene ankadalira inatha. Ndalama ya amayi imabwerabe, yocheperapo, ine n'kumaonjezera pa malipiro anga. Amayi tinawauza ndithu. Anakhala chete pamkeka, akusenda nandolo, kenako anafunsa ngati anthu a mayiko awiriwo ali pachibale. Ndinati ambiri anakwatirana, ena abale awo ali tsidya lina la mtsinje. Anati ndiimbe foni, akufuna amve yekha mwana wawo ngati akudya bwino.